Si Changa

Chaka chimene chinatsatana ndi chisankho choyamba cha zipani zambiri, panalibe mawu amene anatchuka m'mapiri a Neno kuposa akuti "changa". Wogwetsa mbawa m'nkhalango ya boma ankati ndi chuma chake, wokola gwape mu msampha ankati ndi chakudya chake, ndipo ngakhale wolima m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ukamufunsa, ankangotukula chibwano n'kunena kuti, "Chigawo changa ichi, bambo, tili pa ufulu." Mawu amenewa anamufika pakhosi Herbert Mtambalika, woyang'anira nyama zakutchire m'dera lonselo, chifukwa tsiku ndi tsiku ankawamva m'kamwa mwa anthu amene iye ankadziwa bwino lomwe kuti akunama.

Herbert anali munthu wamtali, wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wosafulumira kuseka. Ofesi yake inali kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya alangizi a zaulimi, ndipo katundu wake yense anali tebulo, mipando iwiri, njinga yamoto, ndi buku la malamulo limene chikuto chake chinali chitafewa ngati chikopa chofufuta. Sanali wankhanza ayi. Kungoti ankakhulupirira kuti lamulo ndi mpanda wa dimba: ukalekerera mbuzi imodzi lero, usadabwe mawa kupeza mapesi okhaokha.

M'mwezi wa Juni analandira kalata yopanda dzina la wolemba. Kalatayo inati pa msika wa Lisungwi pali Mayi Sichanga, wogulitsa tiyi, amene akuweta mbalame yachilendo popanda chiphaso, ndipo mbalameyo ikukokera anthu onse pakhonde pake, anzake n'kumangoingitsa ntchentche. Herbert ataona dzinalo anaganiza kuti mayiyo ndi wa kumpoto, kumene maina ambiri amayamba ndi "Si". Popeza anagwirako ntchito kumeneko ali mnyamata, anatsika phiri pa njinga yake akubwereza mumtima malonje a kumpoto, kuti mlendoyo asachite mantha poona yunifolomu.

Sanavutike kupeza malowo. Pakhonde pa kanyumba ka malata panapachikidwa khola la nsungwi, ndipo m'kholamo munali chinkhwe chimene Herbert anali asanachionepo ndi maso chibadwire. Zinkhwe zathu zing'onozing'ono zobiriwira ankazidziwa. Ichi chinali china: chachikulu ngati nkhunda yonenepa, chotuwa ngati phulusa la m'mawa, nthenga iliyonse ili ndi mkombero woyera ngati kuti wina anachita kuisoka payokha, ndipo mchira wake wofiira psuu ngati khala limene mphepo yaliuzira. Chinapendeketsa mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi monga achitira woweruza amene wamva kale mbali zonse za mlandu.

"Tiyi wamkaka! Khalani pansi!" chinatero chinkhwecho. Kenaka chinatsokomola chifuwa cha munthu wachikulire, n'kunena ndi mawu aakulu achimuna, "Eliza, mwanawe, tseka chitseko!"

M'nyumbamo munatuluka mayi wamfupi, wa imvi za apa ndi apo, manja ali mbuu ndi ufa wa mandasi. Herbert anavula chipewa n'kupereka moni wake wa kumpoto uja, mwaulemu ndi mosamala. Mayiyo anangomuyang'ana, kenaka anayang'ana kumbuyo kwake kuti mwina moniyo ndi wa wina.

"Bwana, mwasochera kodi? Kuno ndi ku Lisungwi," anatero bambo wina amene anakhala pafupi, akuyala usipa ndi milamba youma pa thandala. Ameneyu anali Jimu, wogulitsa nsomba, munthu amene pakamwa pake sipankauma.

"Ndikufuna Mayi Sichanga," anayankha Herbert.

Jimu anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndi omwewo mwawapatsa moni wa Chizunguwo! Koma ku tchalitchi ndi a Modesta, kumudzi ndi aNangozo. Usichanga ndi wa pamsika pano. Tawafunsani za chimbalamecho, mumve nokha kumene kunachokera dzina."

Herbert, manyazi atamugwira pang'ono, anafunsa, "Mayi, chinkhwechi n'chanu?"

"Si changa," anayankha a Modesta.

"Si changa!" chinabwereza chinkhwe, ndi mawu a mayiwo enieni.

"Mlamu, tonse tikuona kuti si changa," anatero Jimu. "Changa ali ndi maso aakulu ndipo amadumpha m'mitengo. Bwanawa akufunsa za chinkhwe." Omwa tiyi anaseka ngati akuimva koyamba nthabwalayo, chikhalirecho Jimu ankainena tsiku lililonse la msika.

A Modesta sanaseke. Anamukhazika mlendoyo pa benchi, anamuthirira tiyi, ndipo atakhala pansi chapatali pang'ono anafotokoza nkhani yonse mwadongosolo. Chinkhwecho chinali cha a Kalisto, bambo wa ku Mozambiki amene anathawa nkhondo n'kudzakhala zaka zisanu ndi ziwiri mu msasa wa othawa kwawo pafupi ndi Lisungwi. Kale a Kalisto anali khukhi wa mzungu wina wa sitolo, ndipo mzunguyo pochoka m'dzikomo anawasiyira mbalameyo. Nkhondo itafika pamudzi pawo, anasiya mbuzi, anasiya nkhokwe, koma anatenga mwana wawo wamkazi, Eliza, kudzanja limodzi ndi chinkhwe m'dengu kudzanja linalo. Mtendere utabwera, mabasi obweza anthu kwawo anakana kunyamula chamoyo chilichonse chosakhala munthu.

"Ndiye anabwera pano m'mawa wa ulendowo," anatero a Modesta. "Anagwira khola ndi manja awiri, ine ndinalandira ndi manja awiri, a Jimu awa ali mboni. Anati, 'Mlongo wanga, ndisungireni. Ndikafolera denga ndidzabwera kudzatenga.' Chaka chatha tsopano."

Herbert anatulutsa pepala m'chikwama. Anafotokoza modekha kuti mbalame ya mtundu umenewu siikhala pakhomo pa munthu popanda chiphaso, ndipo chiphaso chimalembedwa m'dzina la mwini wake, amene ayenera kuonekera yekha n'kudinda chala. Mbalame yopanda mwini imatengedwa ndi boma kupita ku tauni, kumene kumasungidwa nyama zolandidwa.

"Koma musadandaule, mayi, nkhani yake ndi yapafupi," anapitiriza. "Mwachidyetsa chaka chathunthu, ndipo ndikuona kuti nthenga zake zikuwala. Palibe angatsutse mutati n'chanu. Ndilemba dzina lanu pamzere wa mwiniwu, inu mudinde, basi."

"Pamzere wa wosunga palibe?"

"Palibe. Pali wa mwini wokha."

"Ndiye dzina langa lilibe malo papepala lanulo, bambo."

Herbert anaganiza kuti mayiwo sanamvetse, choncho anabwerezanso pang'onopang'ono. A Modesta anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula, kenaka anati, "Ndamva ndithu. Koma tandiuzani: mwana wa mnzako ukamuyamwitsa mayi wake ali kuchipatala, amasintha chiwongo? A Kalisto sanandipatse. Anandisungitsa. Ndikadinda chala pamenepo, tsiku limene adzafike pakhonde pano ndidzawayang'ana ndi maso ati?"

"Mlamu, mlamu!" analowerera Jimu, nthabwala zitamuthera. "Pepala silimva kuwawa. Dindani, chinkhwe chikhale, mwiniwake akadzabwera mudzampatsa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mukufuna bwanawa achitenge chifukwa cha liwu limodzi?"

"Pepala silimva, koma ine ndimamva," anayankha a Modesta. "Lero ndinene kuti changa pamaso pa boma, mawa ndidzayamba kukhulupirira."

Herbert anaika cholembera pa benchi. Miyezi yonseyi ankalimbana ndi anthu amene ankati "changa" pa zinthu zimene sanabzale, sanawete, sanalandire kwa munthu. Lero anakumana ndi munthu amene liwu lomwelo likanamupulumutsa, iye n'kulikana. Anamva ulemu ukumukwera m'chifuwa, ndipo pamodzi ndi ulemuwo anamva chisoni, chifukwa ankadziwa kuti mbalame yozolowera mawu a anthu ikaikidwa pakati pa makola achilendo imayamba kudzizula nthenga, ndipo kawirikawiri siichedwa kufa.

"Mphamvu yanga ifika pa masiku makumi atatu," anatero pomaliza. "Mwiniwake akapanda kuoneka pofika tsiku limenelo, galimoto ya ofesi idzachinyamula. Sindidzatha kuwonjezera ngakhale tsiku limodzi."

"Zikomo, bambo. Imwani tiyi, wazizira."

Patapita masabata atatu, Herbert akukonza tcheni cha njinga yake pabwalo la ofesi, anaona mayi akukwera chitunda atasenza chinthu chokutidwa ndi chitenje. Anali a Modesta. Anatula kholalo pakhomo, anapukuta thukuta, ndipo atapereka moni anafotokoza kuti mauthenga amene anatumiza kudzera mwa ogulitsa mbatatesi oyenda kumalire sanabweze yankho. Tsopano anaganiza zopita okha. Sanawolokepo malire chibadwire. Chimene ankadziwa chinali dzina la mudzi ndi la kamtsinje kake, kutsogolo kwa Zobue.

"Ndiye mwabweretsa mbalameyi ku boma?" anafunsa Herbert.

"Ayi. Boma lilibe manja awiri. Ndabwera kudzakusungitsani inuyo, a Herbert. Ndikasiyira a Jimu, pofika Loweruka chidzakhala chitaphunzira kutukwana. Komanso chikakhala kwa inu palibe adzanene kuti ndinachibisa."

Ananyamula kholalo ndi manja awiri n'kumutambasulira. Herbert anayang'ana manja ake akuda ndi girisi, anawapukuta pa buluku, ndipo analandira ndi manja awiri. Buku lake la malamulo silinanenepo kanthu za kalandiridwe kotere, koma iye anazindikira kuti walowa m'pangano lolemera kuposa kudinda chala.

A Modesta anasiya kathumba ka mtedza wosathira mchere ndi magwafa angapo. "Mapeyala musachipatse, ndi poizoni kwa icho. Dzuwa likamalowa muzichifunditsa chitenjechi. Ndipo muziyankhula nacho, bambo. Chikati khalani pansi, inu muziti zikomo. Chimakhumudwa mukapanda kuyankha."

Motero munthu wosafulumira kuseka uja anakhala masiku asanu ndi anayi akuuza mbalame kuti zikomo. Ankachiona chikugwira mtedza ndi phazi limodzi ngati dzanja, kuuswa mwaluso, n'kutaya khoko pansi mosasamala ngati mwana wa mfumu. Tsiku lachitatu chinali chitaphunzira kulira kwa njinga yake yamoto, ndipo alangizi a zaulimi ankatuluka kudzaona amene wafika. Koma chimene chinkamugwira mtima Herbert chinali chifuwa chija ndi mawu achimuna aja. Munthu amene iye sanamuonepo ankatsokomola mu ofesi yake m'mawa uliwonse, n'kuitana mwana wake kuti atseke chitseko.

Tsiku lina anafika mwini golosale wina wa pa Neno, wovala jekete yonyezimira, amene anamva mbiri ya mbalameyo. Anazungulira khola, analiza mluzu, kenaka anatsitsa mawu. "Achimwene, zinthu zinasintha m'dziko muno. Chinthu chili m'manja mwanu ndi chanu. Tiyeni tikambirane ngati amuna."

"Si changa," anayankha Herbert.

Mawuwo anatuluka okha, ndipo atawamva anadabwa kupepuka kwake. Mlendoyo anachoka akung'ung'udza.

Tsiku la makumi atatu linafika a Modesta asanabwere. Galimoto ya ofesi inafika m'mawa kuchokera ku Mwanza, itadzaza macheka ndi matumba a makala olandidwa. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini.

"Kwezani kambalame kanuko, a Mtambalika, tizipita. Msewu wa kuno mukuudziwa, sufuna munthu wochedwa."

"Tsiku silinathe," anatero Herbert.

"Eti? Kalendala yanu ndi ina?"

"Ndinalonjeza masiku makumi atatu. La makumi atatu ndi lero, ndipo lero limatha nthawi yoweruka. Kuchitenga m'mawa uno ndiye kuti ndapereka masiku makumi awiri mphambu asanu ndi anayi ndi kachidutswa."

"Ha! Mbalame yakulodzani iyi. Ine sindigona ku Neno chifukwa cha nkhuku yoyankhula. Mudzafotokoza nokha kwa akuluakulu."

Galimoto inapita, fumbi n'kutsalira. Herbert analemba m'buku la ofesi zimene zinachitika, osabisa kanthu, ndi dzina lake pansi. Ankadziwa kuti adzafunsidwa. Ankadziwanso kuti nthawi yoweruka ikakwana mayiwo asanafike, mawa adzamangirira yekha kholalo pa njinga yake n'kulipereka ku Mwanza, chifukwa lamulo limene linamulola kudikira ndi lomwelo limene likanamukakamiza kupita. Anakhala pampando, chitseko chili chotsegula, maso ali kumsewu. Nkhomaliro sanaiganize n'komwe.

Dzuwa litapendeka, mphepo yozizira ya m'mapiri itayamba kuwomba, anaona anthu awiri akukwera chitunda pang'onopang'ono. Kutsogolo kunali a Modesta, akutsimphina, nsapato zili m'manja, mapazi atatupa. Pambuyo pawo pankabwera mayi wachitsikana wovala mpango wakuda, khanda lili kumsana. Bambo wachikulire panalibe.

Analowa n'kukhala pansi. A Modesta anapuma kaye, kenaka anati, "A Kalisto anatisiya mu Febuluwale, chifuwa chomwe chija. Denga anafolera mbali imodzi yokha. Uyu ndi Eliza, mwana wawo. Alibe mchimwene, alibe mchemwali."

Sananene zambiri za ulendowo. Anali Eliza amene anaulula, ndi mawu otsika, kuti mayiwo anayenda pansi masiku awiri kuchokera pamsewu waukulu, akuponda pakati penipeni pa njira chifukwa m'mbali munali mudakali mabomba okwirira, akufunsa khomo ndi khomo dzina la munthu amene anali kale m'manda.

Herbert anapepesa maliro monga mwa mwambo. Kenaka, ngakhale mtima sunafune, anachita zimene ntchito yake inkafuna. "Pepani, mayi, ndiyenera kuona umboni wakuti ndinu mwana wa malemuwo."

Eliza anayamba kumasula mfundo ya chitenje chake, mmene anamangamo khadi lakale la ku msasa. Nthawi yomweyo mphepo inalowa pakhomo n'kuulutsa mapepala a patebulo. Chinkhwe, chimene chinali phee pakona chiyambire kulowa kwa alendowo, chinatukumula nthenga, chinatsokomola kawiri, n'kunena, "Eliza, mwanawe, tseka chitseko!"

Eliza anadzuka asanaganize. Anapita pakhomo, anatseka chitseko, ndipo dzanja lake likadali pa chogwirira m'pamene anazindikira amene wamutuma. Anatsamira chitsekocho ndi chipumi, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka. Khanda linadzuka kumsana n'kuyang'ana uku ndi uku. A Modesta anaweramitsa nkhope. Herbert anatola mapepala ake pansi limodzilimodzi, mochedwa kuposa mmene ntchitoyo inkafunira, ndipo khadi lija analiwerenga pambuyo pake chifukwa cha lamulo chabe.

Eliza atatonthola, a Modesta anaimirira pa mapazi awo otupawo n'kuyang'ana Herbert. Iye anamvetsa. Ananyamula khola ndi manja awiri n'kuwabwezera, iwo analandira, natembenuka n'kupereka kwa Eliza ndi manja awiri.

"Cha bambo ako ichi, mwanangu. Chabwerera chamoyo, nthenga zonse zilipo. A Herbert ali mboni."

Herbert analemba dzina la Eliza pamzere wa mwini, Eliza anadinda chala. Nthawi yoweruka inali isanakwane.

Eliza anakhala nalo kholalo pamiyendo kwa kanthawi, akulowetsa chala pakati pa nsungwi, chinkhwe chikumupatsa mutu kuti achikande. Kenaka anati, "Amayi, kwathu denga likudontha, mtedza wa chaka chino sitinakolole, ndipo pamalire adzafuna mapepala ena amene ine sindingawathe. Komanso ndikamamva mawu amenewa m'mawa uliwonse, maliro sadzatha m'nyumba mwanga. Bambo asanamwalire ankati, 'Za chinkhwe sindidera nkhawa, chili kwa mlongo wanga.'" Anagwada, anatambasula kholalo ndi manja awiri. "Sindikukusungitsani. Ndikukupatsani."

A Modesta anabweza manja kumbuyo ngati aona moto. "Iwe, usafulumire. Ukhoza kudzachifuna."

"Ndikadzafuna kumva bambo, ndidzabwera kudzamwa tiyi. Landirani, manja anga atopa."

Analandira.

Herbert anatulutsa pepala lina latsopano, analemba za kuperekedwako, ndipo atafika pamzere uja anaima. Akanatha kungolemba, koma lamulo linkafuna kuti afunse, ndipo iye mwini ankafunitsitsa kumva.

"Mayi Modesta Nangozo, chinkhwechi n'chanu?"

Mayiwo anayang'ana Eliza, kenaka anayang'ana khola. Munthu amene anayenda pakati pa mabomba osabwerera m'mbuyo ankaoneka ngati wauzidwa kuti anyamule mtondo ndi dzanja limodzi.

"Ndi changa," anatero pomaliza, chapansipansi.

"Si changa!" chinakuwa chinkhwe, ndi mawu awo enieni.

Eliza anayamba kuseka misozi isanaume, a Modesta anaseka atagwira pakamwa, ndipo alangizi a zaulimi kuseri kwa khoma anamva chinthu chimene anali asanachimvepo: Herbert Mtambalika akuseka mpaka kugogoda tebulo. Atapukuta maso anatsegula kabokosi ka inki n'kukasendeza kwa mayiwo. Chaka chonsecho anamva anthu mazanamazana akunena kuti "changa" popanda wowatsutsa. Mmodzi yekha amene iye anamukhulupirira ndi amene anatsutsidwa pompo, pamaso pa boma, ndi mboni ya mchira wofiira.